Lumo lopinda la agogo, ndiyambire mwala uti?

Mdzukulu Kawale: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi lumo lija lopinda lachikale lometera ndevu, anasiya agogo anga aamuna, akuti anabwera nalo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Pachitsulopo analemba Sheffield England koma dzina la kampani linafufutika. Dzimbiri ndachotsako, likuoneka bwino ndithu koma ndi lobuntha zedi olo ubweya wa pamkono silikudula. Ndikufuna ndizimetera ineyo. Pa YouTube aliyense akungoti uyambe wakonza bevel, kupendekeka kwa m'mphepete mwa lumo kuja, nde miyala akutchula yambirimbiri ina mitengo yake yoopsa. Woyambira weniweni ndi uti? Pakhomo pano tili ndi mwala wa ku hadiweya uja wa mbali ziwiri timanolera mipeni, ungagwire?

Kalipentala Ndirande: Ungagwire bwinobwino aise, chitsulo ndi chitsulo. Ine tchizulo ndi mpeni wa puleni ndimanolera mwala wa mafuta ndipo zimameta pamkono. Donthezani ka oyilo, yambani kokhakhala, malizani kosalala basi

Madala a ku Leeds: Mphwanga wa ku Kawale, mwala wa ku hadiweyawo usaufikitse pa lumo limenelo. A Kalipentala sakunama kuti tchizulo chawo chimameta pamkono, koma kumeta pamkono ndi kumeta pakhosi ndi zinthu ziwiri. Miyala yotuwa ya carborundum ija nthawi zambiri mbali yokhakhala imakhala cha m'ma 120, yosalalayo cha m'ma 240 kapena 320, nambala ikamakwera nde kuti mchenga wa mwalawo ukuchepa, mwala ukusalala. Lumo m'mphepete mwake ndi lopyapyala kwambiri komanso chitsulo chake ndi cholimba, nde mchenga waukulu chonchi sumangokanda ayi, umabenthula timano ting'onoting'ono tomwe udzavutika nato kutichotsa pa miyala yotsatira. Woyambira ndi mwala wa madzi wa 1000. Ndiwo umagwira ntchito yaikulu yonse, enawo a 4000, 8000, 12000 amangofufuta mikwingwirima imene wa 1000 wasiya.

Mdzukulu Kawale: Zikomo madala. Koma bevel yo kwenikweni ndikuyang'ana chani? ndikaona kamzere konyezimira m'mphepetemo nde kuti yatheka?

Madala a ku Leeds: Ayi, kunyezimira kumanamiza. Lumo lili ndi timbali tiwiri topendekeka m'mphepetemo, kena uku kena uko, ndipo tiyenera kukakumana pamzere umodzi ngati malata awiri pamwamba pa denga, kuyambira kufupi ndi chogwirira mpaka kunsonga. Lumo lobuntha ndi loti timbali timeneti sitikukumana, pakati patsala kamalo kozungulira. Utha kupukuta mbali zonse ziwiri mpaka kumadzionerapo nkhope koma ngati sizinakumane silimeta. Anthu ambiri amathamangira kugula mwala wa 12000 poganiza kuti kuthwa kuli kumeneko, pomwe mwala umenewo umadya chitsulo pang'ono kwambiri moti ungakhalepo mpaka kugwa mphwayi osafika.

Ubwino wa lumo ndi woti sufunika kulingalira kapendekedwe ndi dzanja ngati mpeni. Umaligoneka fulati, msana ndi mphepete zonse zikhudze mwala, msanawo ndi umene umapereka engo. Lumo la 5/8 inchi, ndiye kuti cha m'ma 16 mm mulifupi, msana wake umakhala cha m'ma 4.5 mm, zimabweretsa madigiri 16 kapena 17 mbali zonse pamodzi. Tchizulo a Kalipentala amanola pa 25 kapena 30. Nchifukwa chake zimene tchizulo chimapirira lumo silingapirire.

Kalipentala Ndirande: Ndakumvani madala koma agogo akewo ankanolera chani ku Joniko? Miyala ya ku Japan imeneyi inaliko? Anthu akhala akumeta kalekale ndi miyala wamba

Madala a ku Leeds: Siinali wamba achimwene. Ometa akale anali ndi miyala yawoyawo ya malumo, ina yachikasu ya ku Belgium yotchedwa coticule imene amakumba cha ku Vielsalm mpaka lero, ina ya ku Thuringia ku Germany, ina ya Arkansas ku America yonolera ndi mafuta. Komanso lumo linkabwera kuchokera ku fakitale bevel ilipo kale, ntchito yawo inali kungolisunga, tsiku ndi tsiku pa lamba wachikopa, mwa apo ndi apo pa kamwala kosalala. La mnyamatayu lakhala zaka zambiri m'sutikesi, ladyedwa ndi dzimbiri, lapukutidwanso, nde tikuyambira pansi.

Mjoni Randburg: Nkhani yabwino iyi. Ine ndinene za miyala ya 1000 yo poti ndi imene wafunsa. Imene anthu amalimbirana ndi itatu, King, Shapton ndi Naniwa, yonse ya ku Japan. King 1000 wofiirira uja ndi wotchipa pa yonse, umafunika kuuviika m'madzi kaye mphindi 10 kapena 15 mpaka thovu lisiye kutuluka, ndi wofewa umatulutsa matope ambiri ndipo umakumbika pakati msanga nde umafuna kuusalaza pafupipafupi. Shapton Kuromaku ndi wolimba, suviikidwa umangowaza madzi pamwamba nkuyamba, umabwera m'kabokosi ka pulasitiki komwe kamakhalanso poikira. Wa 1000 ndi wa orenji koma umadya ngati wa nambala yotsikirapo, nde ambiri a malumo amakonda wa 1500 wabuluu uja. Ine ndimagwiritsa wa 1500 ndipo ndimaukonda kobasi, ukauyala pa tebulo mphindi yomweyo wayamba ntchito

Madala a ku Leeds: Ine wanga ndi Naniwa Chosera 1000 wobiriwira, umene anadzautcha Professional. Umadya mwachangu koma mikwingwirima yake siyozama, ndipo umamva m'zala lumo likayamba kugwira mwala, limakhala ngati likukakamira pang'ono madzi nkumakwera pamwamba pa chitsulo m'malo molowa pansi. Kungoti mtundu umenewu sufuna kusiyidwa m'madzi komanso sufuna kuumitsidwa padzuwa, utha kuchita ming'alu. Ukatha ntchito uutsuke, uuimike pamthunzi uume wokha. Ndiwo wodula pa itatuyi. Koma mphwanga usamve ngati popanda umenewu zakanika, King amakonza bevel bwinobwino, kungoti amafuna kuleza mtima.

Mdzukulu Kawale: Pa intaneti ndikuonanso ina yotchipa kwambiri ya 1000/6000 yabuluu ndi yoyera, ili ndi kathabwa ka nsungwi pansi. Imeneyo bwanji?

Mjoni Randburg: Imeneyo ndi yamwayi amwene. Imapangidwa yambirimbiri aliyense nkumangomatapo dzina lake, nambala yolembedwayo sungaidalire, mbali ya 6000 nthawi zambiri siifika 6000 yeniyeni. Ya mipeni ya kukhitchini ili bho. Ngati thumba lavuta bola King wa mbali ziwiri wa 1000/6000, ulipo waung'ono wotchedwa KW65, nambala zake ndi zoona ndipo wapeza miyala iwiri pakamodzi

Wometa pa Mchesi: Ine ndingofunsako abwana, zonsezi kuvutikiranji? Kushopu kwanga ndili ndi lumo lopinda lomwelo koma loikamo leza, umathyola leza pakati nkulowetsa theka, kasitomala aliyense leza yatsopano akuona yekha ndikutsegula pepala. Kudula mzere wa ndevu limadula mwaukhondo. Palibe mwala palibe lamba

Anamwino Zomba: A pa Mchesi pitirizani chomwecho, kushopu ndiye njira yake imeneyo. Ndipo achimwene a ku Kawale lumo la agogolo likatheka likhale lanu nokha, osabwereketsa olo m'bale wanu. Anthu amangoganiza za HIV koma kachilombo ka hepatitis B nkolimba kwambiri, kamatha kukhala kamoyo sabata yathunthu m'magazi ouma pachitsulo. Kamagazi kake mwina simungakaone nkomwe

Mdzukulu Kawale: Zoona mayi, ndi langa ndekha. A pa Mchesi la leza ndili nalo kale, koma ili ndi la agogo, sindikufuna lizingokhala m'kabati

Neba wa ku Chipata: Bwanji osagula coticule imodzi chabe? Nili nayo ine, mwala umodzi umachita zonse. Upekesa kamwala kang'ono pamwamba kuti patuluke matope, uyamba na matope olimba, uzithirako madzi pang'onopang'ono mpaka utsale na madzi okha, pamapeto lumo limeta mofewa kwambiri silipsetsa khungu

Madala a ku Leeds: Kametedwe ka coticule nkokoma zedi neba, pamenepo sinditsutsa. M'mwalamo muli timiyala ta garnet tozungulirako, sitikanda mozama, nchifukwa chake pankhope limamveka lofewa. Koma kwa munthu woyamba, ndi lumo loti bevel kulibiretu, ine sindingamuuze ayambire pamenepo. Choyamba ndi mwala wachilengedwe, uliwonse ndi khalidwe lake, wina wachangu wina waulesi, ulibe nambala yoti nkudalira. Chachiwiri matope omwewo amene akudya chitsulo amamenyanso mphepete nkumaibunthitsa pang'ono, nde woyamba amayesa kudula ubweya, silidula, sadziwa ngati vuto ndi bevel kapena matope. Komanso waukulu bwino ndi wodula, ambiri amagula kakang'ono kopapatiza komwe lumo limagwedezekapo. Pa wa 1000 wopanga ku fakitale yankho umalipeza pompo. Coticule adzagule pambuyo yomalizira akadzazolowera.

Neba wa ku Chipata: Apo mwakamba zoona, yanga nayo pa lumo lobenthuka imatenga nthawi maningi

Kalipentala Ndirande: Nanga zonolera za diamond zija? ndinaona mnzanga ali nako kachitsulo kake, kamadya tchizulo ngati chani

Mjoni Randburg: Diamond ndi yabwino kusalazira miyala inzake, Atoma 400 kapena DMT 325, ambiri amagulira zimenezo. Pa lumo penipeni imasiya mikwingwirima yozama makamaka ikakhala yatsopano, ndipo pa chitsulo cholimba chopyapyala imatha kubenthula. Ena amaigwiritsa pochotsa chibenthu chachikulu kenako nkubwerera pa 1000. Ine pa lumo la agogo sindingayerekeze

Madala a ku Leeds: Mjoni wakhudza nkhani imene ndimafuna ndifikepo, ndipo kwa ine imeneyi ikuposa dzina la mwala. Mwala uyenera kukhala fulati. Olo watsopano wochoka m'bokosi usaukhulupirire. Mpeni wa kukhitchini umanoleka pa mwala wokumbika chifukwa dzanja limatsatira, koma lumo limagona lonse pamwalapo, nde ngati pakati pali chigwa mphepete imakhudza malo ena, ena ayi, ndipo ukalitembenuza zimasinthanso. King wosalazidwa bwino amaposa Naniwa wokumbika.

Kusalaza kwake sikufuna diamond. Peza galasi la luva losalala lija, osati lamaluwamaluwa la kubafa. Gula sandipepa wa madzi wakuda uja wa 320 kapena 400, umunyowetse, umuyale pagalasipo amamatirira yekha. Tenga pensulo ujambule mizere pamwala ponse, yoimirira ndi yopingasa ngati sefa. Tembenuza mwalawo uzipekesa pa sandipepayo mozungulira ndi madzi, osakanikiza mbali imodzi. Ukautukula uona mizere yafufutika m'mbali koma pakati yatsala, kapena pakona imodzi yatsala, pamenepo ndi potsika. Pitiriza mpaka yonse ichoke, ujambulenso kachiwiri, ikachoka yonse pakamodzi mwachangu nde wafika. Pomaliza upekeseko m'mphepete mwa mwalawo pang'ono kuti makona asakhale akuthwa, apo ayi amakanda lumo ukamadutsa. Kenako utsuke bwino, kamchenga kamodzi ka sandipepa kotsalira pamwala kakwanira kukubenthulira mphepete.

Mdzukulu Kawale: Nde ngati sandipepa pagalasi akusalaza mwala, sindingangonolera lumolo pa sandipepa pomwepo? Poti mwala kuti ufike kuno kutenga nthawi, mu Lilongwe muno sindinauonepo wa 1000

Mjoni Randburg: Zimatheka amwene, anthu amachita. Koma samalani manambala, sali ofanana. Sandipepa amalemba P kutsogolo, ndi muyezo wa ku Ulaya, pomwe miyala ya ku Japan ili ndi muyezo wawo. P1000 mchenga wake ndi cha m'ma 18 micron (micron ndi muyezo wa kukula kwa kamchenga, nambala ikachepa nde kosalala), ndi wokhakhala kuposa mwala wa 1000. Woyandikira ndi P1500 kapena P2000, P2000 ali cha m'ma 10 micron. Mukafunse m'mashopu ogulitsa penti wa magalimoto, opopera magalimoto amagwiritsa ameneyo

Madala a ku Leeds: Zimatheka koma pepala limabonyera pang'ono olo lili pagalasi, nde mphepete imatuluka yozungulirako, komanso ukayendetsa lumo mphepete kutsogolo limatha kudula pepalalo likangotukuka. Ngati ukuitanitsa kanthu kopepuka bola lapping film ya 3M, ndi kapulasitiki kopyapyala kamamatira pagalasi ndi madzi, ilipo ya 12 micron yoyambira kenako 5, 3 ndi 1, imalowa mu envulopu. Koma ineyo lumo la agogo ndingalidikirire mwala. Sandipepayo phunzirira pa lumo lina lotchipa kuti dzanja lizolowere.

Mdzukulu Kawale: Ndaliyang'anitsitsa pawindo ndi tochi ya foni. Silowongoka ngati rula, mphepete yake ndi yokhota pang'ono ngati likumwetulira, ndipo ndi lonenepa silinakumbidwe kwambiri m'mbalimu ngati amene ndikuona pa zithunzi. Chakunsonga kuli kachibenthu kakang'ono, chikhadabo chimakodwapo. Palinso timadontho takuda pafupi ndi mphepete

Madala a ku Leeds: Eya, ameneyo ndi Sheffield weniweni wachikale. Ambiri akale ankawapanga onenepa chonchi, pafupifupi wedge, ndiye kuti osakumbidwa m'mbali, ndipo kukhotako ndi dala, usakuwongole. Zikusintha zinthu zingapo. Poti ndi lonenepa, chitsulo chokhudza mwala nchambiri, nde pa mwala wofewa waulesi udzakhalitsa. Apa Shapton kapena Naniwa akuyamba kuoneka phindu lake. Mata tepi yamagetsi yakuda ija pamsana, imateteza msana kuti usadyeke komanso imakweza engo pafupifupi digiri imodzi, nde mwala umagwira kumphepete kwenikweni bevel nkukhala yopapatiza. Tepi ikayamba kudyeka usinthe, ndipo ukayamba ndi tepi imodzi umalize nayo imodzi pa miyala yonse, ukaichotsa panjira mwala wosalala sufikanso kumphepete.

Poti ndi lokhota silingagone lonse pakamodzi. Umayamba mbali ya kuchogwirira itagona, ukamakankha nkumatsetsereka chopingasa, kulemera kumasamuka pang'onopang'ono kupita pakati mpaka kunsonga, msana osachoka pamwala olo pang'ono. Potembenuza uzitembenuzira pamsana, osati pamphepete.

Kachibenthuko ndi timadontho takudato ndi zimene zikuuze nthawi yosiyira. Timadonthoto ndi timaenje ta dzimbiri. Mphepete ikafika pa kadzenje imagumuka pomwepo, nde uyenera kudya chitsulo mpaka udutse ponse pali timaenje ufike pa chitsulo choyera. Ngati tili patali ndi mphepete tisiye, sitikulakwira.

Kalipentala Ndirande: Apa nde mwala wanga wa mafuta ukanathandiza madala, kuchotsa chibenthucho msanga kenako apite pa 1000 wanuyo. Ife timanola mbali imodzi mpaka kawaya kopyapyala ka chitsulo katuluke kuseli kwa mphepete, ukakamva ndi chala nde wadziwa kuti wafika, kenako mbali inayo

Madala a ku Leeds: Za kawayazo ena amachitadi pa malumo ndipo zimagwira, ndi umboni woti mbali imeneyo yafika kumapeto. Kungoti zimadya chitsulo chambiri ndipo kawayako kakathothoka kamasiya mphepete yokhakhala. Koma mwala wa mafutawo ayi ndithu achimwene. Chibenthu choti chikhadabo chikungokodwa pang'ono wa 1000 amachichotsa yekha. Komanso mwala umene wanolera matchizulo zaka zonsezi pakati pake pali ngalande.

Kalipentala Ndirande: Wanga ndimausalaza pa simenti, ulibe ngalande. Koma chabwino lumo ndi lake

Wometa pa Mchesi: Nanga adziwa bwanji kuti yatheka poti mwati kunyezimira kumanamiza? inenso zayamba kundikoka izi

Mjoni Randburg: Njira yosavuta ndi marker. Pakani inki m'mphepete monse mbali zonse, iume, yendetsani pamwala kawiri katatu mopepuka nkuyang'ana. Pamene inki yachoka mpaka kumapeto kwenikweni mwala ukufika, pamene katsala kamzere kakuda kumphepete sunafike. Mukakhala ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka okonza mawotchi kapena mafoni mumaona bwino kwambiri. Ina ndi kuyang'anitsa mphepete m'mwamba pansi pa getsi, bevel yokumana sionetsa kuwala, mukaona kamzere kowala kapena timadontho tonyezimira pamenepo mpobuntha

Madala a ku Leeds: Kenako ubweya wa pamkono. Pa 1000 pomwepo lumo liyenera kumeta pamkono mosakakamiza, ndipo uyese malo atatu padera, kuchogwirira, pakati, kunsonga. Pakati pamafika msanga, kovuta ndi kumapeto konse kuwiri makamaka pa lokhota ngati ili. Ena amayesa pa tomato, kungogunditsa mphepete pakhungu lake malo ndi malo, pofika imalowa yokha, posafika imaterereka. Malo amodzi akakanika usapite pa mwala wotsatira, khala pomwepo. Poyamba utha kukanikiza pang'ono ndi chala kuti chitsulo chidyeke, koma ukamayandikira uzichepetsa mpaka kumapeto kutsale kulemera kwa lumo lokha.

Mdzukulu Kawale: Ndamva. Nde ndikuganiza Shapton 1500 poti lumoli ndi lonenepa komanso madzi kuno amavuta zoviika ndi kusalaza pafupipafupi zindichedwetsa. Nanga pamwamba pake ndidzafuna chani?

Mjoni Randburg: Mukatenga 1500 wotsatira atha kukhala 5000 kenako 8000, kapena Norton wa mbali ziwiri wa 4000/8000 amene ambiri anayambira. Pa 8000 mutha kumeta ndithu mukadutsitsa pa lamba wachikopa. 12000 ndi zokometsera, zidzabwera. Ngati ndalama ya miyala iwiri palibe tengani 1500 yo ndi film ya 5, 3 ndi 1 micron, mwamaliza

Neba wa ku Chipata: Lamba musatenge wa thalauzi uli na zosoka na mabowo, pezani chikopa chosalala kwa osoka nsapato. Ndipo pa lamba msana ndiye utsogola, mukatsogoza mphepete mudula chikopa

Mdzukulu Kawale: A Mjoni kumeneko Shapton amapezeka? Ndili ndi msuweni ku Joburg amatumiza katundu pa basi mwezi ndi mwezi

Mjoni Randburg: Amapezeka m'mashopu ogulitsa mipeni ya ophika ndi zida za akalipentala, ambiri amagulitsa pa intaneti. Msuweni wanuyo aonetsetse kuti ndi wabuluu wolembedwa 1500, asasokoneze ndi 15000. Ndipo amuuze wolongedza kuti ndi chinthu chosweka, asauchotse m'kabokosi kake, aukulunge m'zovala pakati pa chikwama osati pansi pomwe amasanjikizapo mafiriji ndi matumba, ulendo wa pa Beitbridge ndi Mwanza katundu amatsitsidwa nkukwezedwanso kangapo

Wometa pa Mchesi: Ukafika mundiuze a Kawale, galasi la luva ndili nalo kushopu lotsala pomwe tinkakonza windo, mudzasalazire pompano ndione nawo za marker zo

Kalipentala Ndirande: Mudzajambule chibenthucho musanayambe ndi pambuyo pake, ndikufuna ndione ngati 1500 yo ingachichotsedi yokha